Waranti ya foni siidikira munthu

Pali kapepala kena kamene ambiri timakataya tsiku lomwelo tagula foni yatsopano. Tikafika kunyumba timathamangira kuika simu, kutsegula WhatsApp ndi kujambula ana. Bokosi timapatsa mwana kuti aziseweretsa, lisiti n'kuiwalika m'thumba la thalauza mpaka kuchapidwa. Pakatha miyezi khumi, foni ija ikayamba kuzima yokha, m'pamene timakumbukira kuti wogulitsa adanenapo za waranti.

Sabata ino tikambirane za waranti imeneyi. Ndi lonjezo la kampani yopanga foni loti ikaonongeka chifukwa cha vuto lochokera kufakitale, adzaikonza kapena kukupatsani ina popanda kulipira. Mafoni ambiri atsopano amabwera ndi lonjezo la chaka chimodzi, ena kuposerapo. Palinso waranti yoonjezera, imene sitolo kapena kampani imakugulitsani pambali kuti lonjezo lija lipitirire chaka china kapena ziwiri. Iyi ndiye yopweteka kwambiri ikatha osaigwiritsa ntchito, chifukwa mudaitulutsira ndalama zapadera.

Mfundo yanga ndi imodzi: foni ikayamba kuonetsa vuto waranti isadathe, kadandauleni msanga, ndipo dandaulo lanu lilembedwe pa pepala lokhala ndi deti. Chimene chimakutetezani ndi tsiku limene mudakapereka dandaulo. Vuto lingakhale lidayamba mu Marichi, koma ngati mwafika pakauntala patatha masiku awiri waranti itatha mu Juni, adzangokuuzani mtengo wokonzetsera ngati wina aliyense.

Chifukwa chimene timazengereza ndi chodziwika. Foni masiku ano ndi khasu. Mayi wogulitsa kaunjika amaika zithunzi za katundu pa WhatsApp, wakabaza amaimbiridwa ndi makasitomala, ndalama za sukulu zimadutsa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Kuuza munthu wotere kuti asiye foni kwa sabata ziwiri kuli ngati kumuuza kuti atseke geni. Ndiye timapirira. Tchaja timaimanga ndi labala kuti igwire, timayenda ndi power bank, foni ikauma timaizimitsa n'kuyatsanso. Miyezi ikupita.

Koma tiwerengere bwino. Mafoni onse amene timagwiritsa ntchito amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu Meyi 2022 Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene adagula foni izi zisadachitike akudziwa kuti ndalama imene adalipira siingagulenso foni yomweyo. Kubwereka kafoni ka mabatani kwa sabata ziwiri n'kotchipa kusiyana ndi kugula foni ina pa mtengo wa lero.

Choncho yambani n'kudziwa tsiku limene waranti yanu ithere. Kawirikawiri imawerengedwa kuyambira tsiku lolembedwa pa lisiti. Pa waranti yoonjezera, funsani ngati imayamba ya kampani ikatha kapena zimayendera limodzi kuyambira tsiku logula, chifukwa pali kusiyana kwa chaka chathunthu pamenepo. Funsaninso za batire ndi tchaja, poti makampani ambiri amazipatsa nthawi yaifupi kuposa foni yeniyeniyo. Safunsa adadya phula.

Kukatsala mwezi umodzi kapena iwiri, iyeseni foni yanu ngati mukufuna kuigula kachiwiri. Kodi batire ikutha msanga kapena yafufuma mpaka kukankha chivundikiro? Batire yofufuma ndi yoopsa, ikhoza kuyaka, musaitchajenso. Kodi potchajira pakugwira popanda kugwedeza waya? Tsegulani chithunzi choyera n'kuona ngati pa sikirini pali mizere kapena madontho. Imbirani mnzanu mumve ngati mawu akumveka mbali zonse. Yesani makamera onse ndi malo onse a simu. Ngati vuto limabwera n'kupita, monga kuzima kokha, lijambuleni kanema ndi foni ya mnzanu. Foni ili ngati mwana wodwala amene amayamba kusewera akangofika kuchipatala.

Pali zinthu zitatu zimene zimapha waranti nthawi isadakwane. Choyamba ndi kukatsegulitsa foni kwa okonza a mumsika. Anyamatawa ali ndi luso ndipo amatipulumutsa kwambiri waranti ikatha, koma akangoitsegula, a kampani amazindikira ndipo amakana kuigwira mwaulere. Chachiwiri ndi madzi. M'mafoni ambiri muli kachizindikiro koyera kamene kamafiira kakanyowa, ndipo katswiri amayamba waona kameneko musadayambe n'kufotokoza komwe. Chachitatu ndi kugwa. Sikirini yosweka si vuto la kufakitale, ndipo waranti wamba siilipira zimenezi pokhapokha pepala lanu litanena mwachindunji kuti ngozi zilimo. Choipa china n'chakuti mng'alu wa pa sikirini umapatsa wogulitsa ponamizira ngakhale vuto lenileni lili kwina. Ichinso n'chifukwa china chopitira msanga, foni ikadali yosalala.

Popita tengani lisiti, pepala la waranti, bokosi ngati lilipo, ndi chitupa chanu. Imbani *#06# pa foni yanu ndipo itulutsa nambala ya manambala 15 yotchedwa IMEI. Imeneyi ndiyo dzina lenileni la foniyo, ndipo iyenera kufanana ndi yolembedwa pa bokosi ndi pa pepala la waranti. Ilembeni penapake. Dziwaninso kuti malisiti a makina aja amafufutika okha pakapita miyezi, makamaka akakhala potentha. Ngati lanu likuwerengekabe, lichititseni fotokope lero lomwe, ndipo chithunzi chake musachisunge mu foni yomweyo yokha.

Musadaipereke, sungani zithunzi ndi manambala anu pa Google kapena pa kompyuta, chotsani simu ndi memory card, ndipo tulukani mu maakaunti a ndalama. Okonza amatha kufufuta zonse za mu foni, ndipo ikasinthidwa yakale ija simudzaionanso.

Kopita ndi kumene pepala lanu likunena. Kwa mafoni a Tecno, Itel ndi Infinix, ovomerezeka kukonza ndi a Carlcare. Makampani ena alinso ndi malo awo. Waranti yoonjezera nthawi zina imakhala ya sitolo imene mudagulako osati ya opanga foni, ndiye muyambire kumeneko. Kulikonse kumene mwapita, musachoke popanda pepala loonetsa kuti alandira foni yanu: deti, IMEI, vuto limene mwanena, mmene foni ikuonekera kunja ndi dzina la wolandira. Mawu oti "bwerani Lachisanu, tidzaona" sangakuthandizeni waranti ikathera m'manja mwawo.

Tsopano za kusinthitsa. Ambiri timaganiza kuti waranti ikutanthauza foni yatsopano nthawi yomweyo. Mapangano ambiri amati ayambe ayesa kukonza, ndipo amasintha foni ikakanika kukonzeka, zipangizo zikasowa kapena vuto lomwelo likamabwererabwerera. Apa m'pamene mapepala aja amagwira ntchito. Munthu amene ali ndi mapepala atatu oonetsa kuti wabweretsa foni katatu pa vuto limodzi ali ndi pogwira akamati, "Bambo, apa ndisinthireni." Akavomera, funsani ngati akukupatsani yatsopano kapena yokonzedwanso, ndiponso kuti ili ndi waranti ya nthawi yaitali bwanji. Nthawi zambiri imangomalizitsa masiku otsala a yoyamba ija. IMEI yatsopano ilembedwe pa pepala. Akakufunsani kuti musankhe pakati pa foni yofanana ndi kubwezeredwa ndalama, yambani mwaona mitengo ya lero musadayankhe. Ndalama za chaka chatha zikhoza kukubwezerani ku foni yotsika.

Nanga akakana popanda chifukwa chomveka? Musaopsedwe ndi chikwangwani chija choti katundu akagulidwa sabwezedwa. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda kuti kuthawa udindo pa katundu woonongeka n'kuphwanya lamulo, ndipo lamulo latsopano la 2024 lidalionjezera mphamvu. Limalandira madandaulo a ogula. Kulinso bungwe loimira ogula la CAMA. Koma konseko funso loyamba lidzakhala la lisiti ndi umboni woti mudadandaula nthawi ikadalipo.

Kwa amene mafoni awo adachokera kwa achibale ku Joni kapena adagulidwa kwa oitanitsa katundu ku Dubai, dziwani kuti waranti nthawi zambiri imagwira ntchito m'dziko kapena m'chigawo chimene foniyo idagulitsidwa. Ngati m'bale wanu adalipira waranti yoonjezera ku Johannesburg, foniyo ingafunike kubwerera komweko, ndiye werengerani masiku a ulendo.

Ndisamalize ndisadanene za nzeru ina imene imamveka m'maminibasi, yoti waranti ikatsala pang'ono kutha muiononge dala foni kuti mulandire yatsopano. Kumeneko n'kuba, ndipo akatswiri amasiyanitsa vuto la kufakitale ndi la manja a munthu. Mudzangotsala ndi foni yakufa ndi manyazi. Komanso chinyengo chotere n'chimene chimachititsa ogulitsa kukayikira aliyense, ngakhale mayi amene foni yake yaonongeka moona.

Madzulo ano funafunani lisiti lanu, werengani miyezi, ndipo tsiku lothera waranti mulilembe pa kalendala. Ngati foni ili bwino, thokozani. Ngati ili ndi kavuto kamene mwakhala mukukapirira, Lolemba likubwerali mukhale pakauntala.