ZA KANEMA: Cinyanja M'kamwa mwa Zigawenga

Awelengi athu amene amabwela ku Lusaka kudzagula katundu wa malonda m'masitolo a ku Kamwala, kawili-kawili amabwelela kumudzi ndi mafilimu m'mafoni ao. Sabata ino tikambilane za mafilimu awili a zinthu zamtsogolo, cifukwa nkhani yace ikhudza cinenelo cathu.

Yoyamba ndi District 9, imene inatuluka mu 2009, yopangidwa ndi Neill Blomkamp, mbadwa ya ku South Africa. Nthano yace ndi yakuti combo ca alendo ocokela kumwamba cinaima pamwamba pa mzinda wa Johannesburg, ndipo boma linaunjika alendowo m'komboni ya zisakasa. Sharlto Copley asewela ngati kalaliki wotumidwa kukawasamutsa. Ganizo limeneli linacokela ku District Six ku Cape Town, kumene boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti malowo ndi a Azungu okha, nilicotsa anthu oposa 60,000.

M'komboniyo muli gulu la zigawenga lochedwa la ku Nigeria, logulitsa zakudya kwa alendo mosinthana ndi zida. Koma cheletsani khutu: mau otuluka m'kamwa mwa mkulu wao ndi Cinyanja cathu comwe! Wosewelayo ndi Eugene Khumbanyiwa wa ku Malawi. Boma la Nigeria linaipidwa kwambili ndi cithunzi cimeneci, kotelo kuti mu 2009 nduna yofalitsa nkhani, Mai Dora Akunyili, inauza nyumba za kanema kuti zileke kuionetsa.

Yaciwili ndi Chappie ya mu 2015. Umo apolisi a ku Johannesburg ndi makina oyenda ndi miyendo iwili. Mmisili wina, amene ndi Dev Patel, aika nzelu zoganiza m'makina amodzi, koma mbala ziwalanda ndi kuwalela monga khanda, niziwaphunzitsa kutukwana ndi kuba magalimoto. Hugh Jackman ndiye mdani wanjilu, Sigourney Weaver ndiye mwini ulamulilo pa kampani, ndipo Khumbanyiwa aonekanso monga mkulu wa zigawenga. Phunzilo lace akulu analinena kale: kuongola mtengo mpoyamba. Ngakhale citsulo citengela khalidwe la wocilela. Nanga kuli bwanji mwana wosiyidwa yekha ndi foni usiku wonse?

Tsono funso lathu nali. Kodi tikondwe kapena tidandaule? Kukondwa kulipo, pakuti mwana wa kwathu anaonetsa luso m'filimu imene inapikisana nao pa mphotho zinai za Oscar. Koma cidandaulo ncacikulu. Cinenelo cimene tipatsilana naco moni ndi kuweluzila milandu pabwalo cinamveka ku dziko lonse lapansi monga ca anthu akupha, ndiponso cinavekedwa dzina la mtundu wina, ngati kuti Afilika yense alankhula cimodzi. Abale athu ambili ali pa nchito ku Johannesburg, kumene mu 2008 alendo anaphedwa ndi kuthamangitsidwa m'makomboni. Cithunzi cosonyeza mlendo ngati mbala siciwathandiza konse.

Kuletsa filimu sindiko mankhwala. Mankhwala ndi kupanga zathu. Rungano Nyoni, wobadwila ku Lusaka, anatulutsa I Am Not a Witch mu 2017, momwe mumveka Cinyanja, nalandila mphotho ya BAFTA mu 2018. Ndipo nkhani zoti nkusimba sitisowa. Pamene South Africa inali kugwetsa nyumba za anthu akuda, dziko lathu linakhazikitsa lamulo mu 1974 lovomeleza makomboni, ndipo Chawama ndi George anayamba kukonzedwa m'malo mogwetsedwa. Imeneyo ndi nthano yoyenela kanema.

Makolo, onelelani pamodzi ndi ana anu, ndipo dziwani kuti mafilimu awiliwa ali ndi ciwawa cosayenela ana aang'ono. Acinyamata a ku Kanyama, Matero ndi Mtendere, tengani zolembela. Mukapanda kusimba za kwanu, ena adzakusimbilani mokhota.