ZA UMOYO WATHU: Thumba Limene Mtima Ukhalamo

Aliyense amene anatumbulapo mbuzi kapena ng'ombe adziwa kuti mtima sukhala poyera m'cifuwa. Mpeni usanaufike uyamba wang'amba kathumba kotuwa, kolimba, ndipo mutuluka timadzi pang'ono. Munthu nayenso ali nalo thumba lotere. Madokotala alicha pericardium, liu locokera ku Cigiriki lotanthauza cozungulira mtima.

Kunja kwa thumbali kuli cikopa cokhuthala cimene sicitamuka msanga. Pansi cinamatira ku mnofu waukulu wolekanitsa cifuwa ndi mimba, kutsogolo cimangidwa ndi tizingwe ku fupa la pakati pa cifuwa, ndipo pamwamba cigwirana ndi mitsempha ikulu-ikulu ya mwazi. Ndico cifukwa cake mtima sulendewera uku ndi uku pamene muthamanga kapena kulumpha.

M'kati muli nembanemba yopyapyala ndi yosalala, yopindika pawiri monga nsalu: mbali imodzi ikuta mtima weniweniwo, inayo iyala m'kati mwa cikopa cija. Pakati pa ziwirizi pali timadzi toterera, mamililita 15 kufika 50, ndiye kuti supuni yaikulu imodzi kufika zitatu. Mtima ugunda pafupifupi nthawi 100,000 pa tsiku, ndipo timadziti tigwira nchito imene girizi agwira m'habu ya njinga.

Tsono awerengi, mfundo yofunika kuigwiritsa nayi. Kulimba kwa cikopaci kucinjiriza mtima kuti usafufume mopitirira, komanso kuchinga matenda a m'mapapo kuti asaufike mosavuta. Koma kulimba komweko kungathe kupha. Munthu akalasidwa ndi mpeni pa cifuwa, mwazi ukhuthukira m'thumbamo mofulumira. Popeza thumba likana kutamuka, mwaziwo upanikiza mtima kotero kuti ulephera kudzala, ndipo mamililita 150 kapena 200 okha, osadzaza ngakhale kapu, angautsamwitse. Koma madzi akamasonkhana pang'onopang'ono kwa masabata, thumba litamuka nawo, ndipo ena afika ku cipatala akuyenda okha ali ndi madzi opitirira lita imodzi. Coopsa kwambiri ndi liwiro limene madziwo abwera nalo.

Kuno kwathu ku Afrika, cimene cidzaza madzi m'thumbali kawirikawiri ndico cifuwa cacikulu ca TB, makamaka mwa anthu amene ali ndi kacilombo ka HIV. Ambiri tiyesa kuti TB ndi nthenda ya mapapo okha, ndipo pamenepo ndi pamene tisocera. Wodwala apuma movutika, atentha thupi, acita thukuta usiku, miyendo ndi mimba zitupa, ndipo mitsempha ya m'khosi ioneka yotukumuka. Kumudzi kutupa kotere sikucedwa kuchedwa ufiti, nthawi ya mankhwala niipita pacabe.

Thumba likatupa, ululu wake uli ndi cizindikiro cake: ukula munthu akagona cagada kapena akakoka mpweya, ucepa akakhala tsonga ndi kuweramira kutsogolo. Nthawi zina umveka pa phewa, cifukwa mtsempha wa uthenga umene upita m'mbali mwa thumbali ucokera m'khosi, kumene kucokeranso mitsempha ya khungu la pa phewa. Dokotala akamvetsera ndi cipangizo cake amamva kukwecesana, ngati cikopa couma cikupekesedwa.

M'caka ca 1840, dokotala Franz Schuh wa ku Vienna anaboola cifuwa ca wodwala natulutsa madzi m'thumbali. Nchito imeneyi icitikabe lero ndi singano yaitali, koma tsopano makina ounikira m'thupi a ultrasound aonetsa pomwe madzi ali, kuti singanoyo isalase mtima. Ngati gwero lake ndi TB, wodwala amwa mankhwala kwa miyezi 6.

Mwa odwala ena thumba likapola lisanduka cipsera, likhuthala ndi kuuma gwa, nilimanga mtima ngati goli. Pamenepo mankhwala okha sakwanira. Madokotala a opareshoni atsegula cifuwa nasenda thumbalo kulicotsa. Mtima upitiriza nchito yake popanda ilo, ndipo alipo anthu owerengeka amene abadwa opanda thumbali, nazindikira zimenezi ali akulu kale, pojambulidwa cifuwa pa zifukwa zina.