Mukutseguliranji tsamba lomwe munthu walithawa?

Inu a Google, inu a Microsoft, inu a Mozilla, tiyankheni. Munthu akathawa tsamba la akathyali potseka browser mokakamiza, n'chifukwa chiyani chinthu choyamba chomwe mumamupatsa akaitsegulanso chimakhala batani lobwezeretsa tsamba lomwelo? Ndani anakhala pansi n'kuona kuti chimenechi ndi chithandizo? Ndipo mwaziona kwa zaka zingati osazikonza?

Nkhaniyi mukuidziwa kuposa ife. Tsamba limadzaza sikirini yonse, limaliza belu, limalemba kuti kompyuta yagwidwa ndi vairasi, kenako n'kupereka nambala ya foni likudzitcha Microsoft. Batani lotsekera silioneka. A Microsoft amanena okha kuti mauthenga awo enieni ochenjeza za vuto sakhala ndi nambala ya foni, ndipo malangizo omwe wogwidwa amapatsidwa ndi odziwika: tsegula Task Manager, zimitsa browser yonse. Munthu amamvera. Koma kwa browser, kuzimitsidwa motero kumawerengedwa ngati ngozi. Chrome ndi Edge zikadzuka zimafunsa ngati ukufuna masamba ako abwerere, batani la Restore lili poyera kudikira chala. Firefox ikagwa koyamba sifunsa n'komwe, imangobweza zomwe zinalipo.

Choipitsitsa n'chakuti pobwezeretsa, tabu yomwe imayamba kutseguka ndi imene inali patsogolo panthawi yozimitsa. Imeneyo ndi iti? Si yomwe munthu amaithawa ija? Matabu osalakwa amadikira kumbuyo, ya akathyali ndiyo imalowa koyamba. Mwininyumba wapirikitsa mbala usiku, m'mawa mlonda n'kuitsegulira chipata chifukwa dzulo anaiona mkati.

Musatiuze kuti kubwezeretsa masamba n'kofunika. Tikudziwa. Kuno kwathu magetsi amazima osatsanzika, ndipo amene amadzaza fomu ya ntchito kapena ya sukulu amathokoza akaipeza ikadalipo. Firefox inabweretsa luso limeneli mu 2006, Chrome inabadwa mu 2008. Palibe akufuna kuti lichotsedwe. Tikufunsa kuti, m'zaka zonsezi, mwalephera bwanji kusiyanitsa kompyuta yomwe yazimiridwa magetsi ndi munthu yemwe wazimitsa dala browser yomwe tsamba linaikola pa sikirini yonse? Kodi browser sidziwa kuti tsambalo linadzaza sikirini? Sidziwa kuti linagwira kiyibodi? Sidziwa kuti mwiniwake anayesa kulitseka n'kulephera? Zonsezi zimachitikira mkati mwa pulogalamu yanu.

Musatiuzenso kuti imeneyo ndi ntchito ya antivairasi. Antivairasi imasaka mafayilo oipa. Fayilo yomwe browser imasungamo matabu si vairasi, ndi mndandanda wa maadiresi ndi mbiri ya masamba. Ndiye munthu amasesa kompyuta yonse, pulogalamu n'kumuuza kuti zonse zili bwino, akatsegula browser tsamba lija lili pompo, makamaka ngati anasankha kuti izipitiriza pomwe anasiyira. Tsamba lobwereralo kawirikawiri silibwezeretsa vairasi palokha, zimenezo n'zoona. Koma limayambiranso ntchito yake: kuopseza, kukankha fayilo yoti itsitsidwe, kupempha chilolezo chotumiza mauthenga, kunyengerera kuti uimbe foni. Ndipo tsopano likulankhula ndi munthu wosweka mtima, amene akuganiza kuti kusesa konse kuja kwapita pachabe, ndiye mwina a pa foni aja akunena zoona. Kodi akathyali angapemphenso mphatso ina yoposa imeneyi?

Mudzati Safe Browsing ndi SmartScreen zimatchinga masamba oipa. Zimatchinga odziwika kale. A Google, pamene munkabweretsa kufufuza kwa pompopompo mu Chrome mu March 2024, munafotokoza nokha kuti tsamba loipa nthawi zambiri limakhalapo kosakwana mphindi 10, pomwe mndandanda wosungidwa m'kompyuta unkasinthidwa pakatha mphindi 30 mpaka 60. Munavomera kuti mndandanda umatsalira m'mbuyo. Nanga tsamba lomwe silinalowe pa mndandanda uliwonse, koma mwini kompyuta waliona ndi maso ake kuti n'loipa, mumaliona bwanji? Umboni wake suwerengedwa?

Chomwe chikupweteka n'chakuti njira yabwino ilipo kale, ndipo ili m'manja mwanu. Firefox ili ndi tsamba lomwe limaonetsa matabu onse pa mndandanda, munthu n'kusankha yoti ibwerere ndi yoti itayidwe. Koma tsambalo limatuluka browser ikagwa kachiwiri motsatizana. Ndiye kuti wogwidwa ayenera kulowanso mumsampha, kuzimitsanso, kuti apatsidwe ufulu wosankha. A Mozilla, mwaikiranji chinthu chabwino chotere kuseri kwa ngozi yachiwiri? Amene akufuna kusintha zimenezi ayenera kulowa mu about:config, kudutsa chenjezo loopsa, n'kufufuza dzina ngati browser.sessionstore.resume_from_crash. Mphunzitsi wa ku pulayimale kapena mlembi wa pa tchalitchi adzalidziwira kuti? Pa Mac, ukagwira batani la Shift potsegula Safari, imayamba popanda mawindo akale. N'chinthu chaching'ono, ndipo chimagwira ntchito. A Apple nawo sachilengeza mokwanira, koma chilipo. Inu enanu chakukanikani n'chiyani?

Taonani malangizo omwe anthu amapatsana lero chifukwa cha kusowa kwa batani limodzi. Zimitsa intaneti usanatsegule browser, kuti tsambalo lisathe kutseguka, kenako ulitseke. Ukaona funso lobwezeretsa, usadine Restore. Zikakanika, lowa mu foda yobisika ya AppData, upeze foda ya Chrome yotchedwa Sessions, ufufute zamkati. Ku Firefox, saka sessionstore.jsonlz4 ndi foda ya sessionstore-backups. Malangizowa ndi oona ndipo amathandiza. Koma kodi mumachita nawo manyazi? Pulogalamu yomwe imagwiritsidwa ntchito ndi anthu mabiliyoni ikufuna kuti munthu wamantha, belu likulira, akafukule mafoda obisika? Amene sangathe amanyamula laputopu kupita kwa wokonza, ndipo yankho lomwe amalimva kawirikawiri ndi lakuti tiifomate. Ndalama yapita, zithunzi ndi makalata zili pachiswe, chifukwa cha tabu imodzi.

Ngakhale ataifomata, nkhani siithera pomwepo. Akalowanso mu akaunti yake, Sync imatsitsa zomwe inasunga: zosintha za browser, masamba oyambira, ndi timapulogalamu towonjezera, kuphatikizapo tomwe tinabweretsa vutolo. Mumanyadira kuti zinthu za munthu zimamutsatira kulikonse. Bwanji simufunsa, musanabweze, ngati zonsezo akuzifunadi? Palinso mapulogalamu oipa omwe amalemba malamulo mu Windows, malamulo omwe munakonzera makampani kuti aziyendetsera makompyuta a antchito awo. Browser imawamvera, imatsegula adiresi yomwe yalamulidwa tsiku lililonse, n'kulemba kuti ikuyang'aniridwa ndi bungwe lanu. Bungwe liti, pa laputopu ya mwana wa sukulu? Browser singakayikire n'komwe? Singamuuze mwiniwake m'mawu omveka kuti lamuloli lachokera kuti ndipo angalichotse bwanji?

A Google, munali ndi Chrome Cleanup Tool, yomwe inkasaka mapulogalamu osafunika pa Windows. Munaichotsa mu 2023 ponena kuti madandaulo achepa ndipo antivairasi zapita patsogolo. Chabwino. Nanga mbali yomwe antivairasi siifika, ya matabu, zilolezo ndi Sync, munaisiyira ndani?

Pali ndalama zambiri pankhaniyi. Lipoti la FBI ya ku United States la chaka cha 2023 linasonyeza kuti anthu anataya madola oposa 900 miliyoni kwa akathyali odzitcha othandiza pa zamakompyuta, ndipo okalamba ndiwo anapwetekedwa kwambiri. Amenewo ndi okhawo omwe anadandaula. Si onse anagwidwa kudzera m'tabu yobwerera, koma tsamba lokola sikirini ndi limodzi mwa makhomo akuluakulu a umbava umenewu. Inunso mukudziwa, n'chifukwa chake a Microsoft munayamba kuyesa scareware blocker mu Edge kumayambiriro kwa 2025, ndipo a Google munaika Gemini Nano mu Chrome chaka chomwecho kuti izizindikira masamba otere. Tikuyamikira. Koma ngati mungathe kuphunzitsa makina kuzindikira bodza poyang'ana sikirini, chikukulepheretsani n'chiyani kuchita chinthu chosafuna nzeru zamakono zilizonse?

Browser ikazimitsidwa mokakamiza, ionetse munthu mndandanda wa matabu, osatsegula ngakhale imodzi mpaka iye atasankha. Tabu yomwe inadzaza sikirini panthawi yozimitsa ikhale yosasankhidwa, ndipo pambali pake palembedwe chifukwa. Pafupi ndi Restore pakhale batani lofanana kukula loyambira pa tsamba loyera, limene lingachotsenso zilolezo zomwe tsamba lija linatenga. Kodi pa zimenezi chovuta n'chiti? Chikufuna mainjiniya angati? Kapena mukuopa kuti kudina kumodzi kowonjezera kudzathamangitsira anthu kwa opikisana nanu? Ngati chifukwa chake n'chimenecho, chineneni poyera. Ngati pali china, a Google, a Microsoft, a Mozilla, chilembeni pomwe tonse tingachiwerenge, ndipo mutiuze mtundu wa browser womwe udzatuluke zitakonzedwa.