Musaope makina a radiotherapy, opani kuchedwa

Amayi anzanga, dzulo pampopi kuno ku Kaning'ina ndinamva mayi wina akuti, "Wopita kukawotchedwa ku Lilongwe sabwerako." Mawu otere akhoza kuphetsa munthu, ndiye tiyeni tikambirane.

Kale odwala khansa ofunika radiotherapy ankatumizidwa kunja, monga ku India ndi ku Tanzania, ndipo ena ankamwalira akudikira. Mu 2025 boma linatsegula National Cancer Centre ku Kamuzu Central Hospital, ndipo makinawo tsopano tili nawo konkuno ku Malawi.

M'makinamo mulibe moto ayi. Amatulutsa cheza ngati cha X-ray koma champhamvu, cholunjika pachotupa. Mumangogona pabedi mphindi zochepa, osamva ululu. Pa khansa ya khomo la chiberekero zimatenga masabata pafupifupi 5, Lolemba mpaka Lachisanu. Kutopa, kutsegula m'mimba ndi kuda kwa khungu pamalopo zimachitika, koma nthawi zambiri zimadzatha. Mukatuluka m'chipindamo mutha kubereka mwana kumbuyo, simungamupatsire chilichonse.

Ambiri amene sabwerakowo amakhala kuti anafika matenda atafalikira kale.

Abale, mayi akapatsidwa kalata ku Mzuzu Central Hospital, musamubwezere kumudzi kukayesa zitsamba. Sonkhani ya basi, ufa ndi womudikirira, amalize masiku ake onse. Kudumphitsa masiku kumapatsa chotupa mpata wokulanso.

Ngati mukutaya magazi mukakhala malo amodzi ndi abambo, kapena mutasiya kale kusamba, musadikire. Kuyeza khomo la chiberekero n'kwaulere m'zipatala za boma. Auzeniko anzanu kumpingo.