Ultima IV: Gemu Yakale Yopanda Mdani Woti Umuphe

Makolo ambiri ndi ansembe ena akangomva za magemu a pa kompyuta amakwinya nkhope, ndipo ine sindiwadzudzula. Ambiri mwa magemu amene anzathu amasewera pa foni ndi owomberana mfuti, ndipo katswiri ndi amene wapha anthu ochuluka. Koma m'nkhani ino ndifuna kuikira kumbuyo gemu imodzi, yaikulu msinkhu kuposa tonse a m'kalasi mwathu, ngakhalenso ansembe ena achinyamata. Dzina lake ndi Ultima IV: Quest of the Avatar, ndipo idatuluka ku America m'chaka cha 1985. Ndidaisewera pa tchuthi pa laputopu yakale ya asuweni anga, popeza kuyambira 2011 imapezeka mwaulere pa GOG. Maganizo anga ndi akuti thupi lake lidakalamba zedi, koma funso limene imamufunsa munthu likadali ndi mano.

Gemuyi ili m'gulu la magemu otchedwa RPG, momwe wosewera amatenga mbali ya munthu wina monga timachitira pa sewero, n'kumayenda m'dziko lopeka, kucheza ndi anthu, kugula zida ndi kukula mphamvu pang'onopang'ono. Adaipanga ndi Richard Garriott, ali ndi zaka 24. Magemu ake atatu oyamba, a mu 1981, 1982 ndi 1983, adali ngati ena onse: kuli woipa wamkulu, pita ukamuphe. Woyamba adali Mondain, wachiwiri Minax, wachitatu Exodus. Ndipo njira yachidule yopezera mphamvu idali kuba m'masitolo ndi kupha anthu osalakwa a m'mizinda. Ultima III idatulutsidwa ndi kampani yakeyake ya Origin Systems, choncho makalata a anthu adayamba kufika m'manja mwake. Ena adamufotokozera monyadira mmene amaseweretsera, ena adamudzudzula kuti akuwononga ana, makamaka poona chiwanda chojambulidwa pa bokosi la gemuyo. Mnyamatayo sadangopsa mtima. Adakhala pansi n'kupanga gemu imene munthu sangaimalize ngati ndi wakuba.

Mu Ultima IV mulibe woipa wamkulu. Mfumu ya dziko la Britannia, Lord British, ikufuna munthu mmodzi woti akhale chitsanzo kwa anthu ake, ndipo munthuyo ndiwe. Uyenera kukhwima pa makhalidwe 8: kunena zoona, chifundo, ungwazi, chilungamo, kudzipereka, kusunga ulemu, moyo wauzimu ndi kudzichepetsa. Onsewa amaphuka pa mizu itatu, choonadi, chikondi ndi kulimba mtima. Khalidwe lililonse lili ndi mzinda wake ndiponso mnzako mmodzi woti uyende naye. Poyamba penipeni gemu sikufunsa ngati ufuna lupanga kapena uta. Imakufunsa mafunso 7, ndipo lililonse limakuika pakati pa zabwino ziwiri. Lina limati wapatsidwa thumba la ndalama zosawerengedwa kuti ukapereke kwa mwini wake, ndipo panjira wakumana ndi wopemphapempha. Kodi upereka zonse mokhulupirika, kapena utapapo imodzi chifukwa cha chifundo? Awerengi, yesani funso limeneli pa nthawi ya chakudya, muona ngati nsima siizizira.

Chimene chidandigwira mtima kwambiri ndi amayi ogulitsa zitsamba. Kuti uchite zamphamvu m'gemuyi uyenera kusakaniza zinthu monga adyo, ulusi wa kangaude ndi phulusa la sulufule, ndipo ogulitsa ake ndi amayi osaona. Amakuuza mtengo, kenaka amakufunsa kuti ulipira zingati, iwe n'kulemba nambala. Ukhoza kutenga katundu wa ndalama 200 n'kusiyapo imodzi yokha. Palibe wapolisi amene akuthamangitse, ndipo mayiyo sakuwa. Ndalama m'gemuyi n'zosowa, chakudya cha anthu 8 chimadula, ndiye chiyeso chake n'chenicheni. Koma gemu ikuwerenga mwakachetechete. Khalidwe lililonse lili ndi mlingo wake wobisika, ndipo tsiku lina ukapita kwa mlosi Hawkwind, amene amakhala ku nyumba ya mfumu, amakuuza mosapsatira kuti ndiwe wakuba. Chimodzimodzinso ukatsegula bokosi la eni ake m'mudzi, ukathawa nkhondo usadavulale, kapena ukathamangitsa njoka ndi makoswe zimene zikungothawa. Kumbali ina, ukapereka magazi kwa asing'anga mlingo wa kudzipereka umakwera, ngakhale thupi lako limafooka. Magemu ambiri a masiku ano amakulembera pa galasi kuti iyi ndi njira yabwino, iyi yoipa. Iyi imakusiya wekha ndi mayi wosaona.

Tsopano ndinene zimene zidakalamba, chifukwa zilipo zambiri. Zithunzi zake ndi timabokosi. Munthu, kavalo, phiri ndi mzinda wathunthu zonse n'zofanana kukula. Mtundu wa pa DOS, umene ndidasewera, uli ndi mitundu 16 yokha ndipo ulibe nyimbo, umangolira ngati nkhululu. Pafupifupi chilembo chilichonse cha pa kiyibodi ndi lamulo lakelake, T kulankhula, S kufufuza, ndipo kukwera makwerero ndi K chifukwa C idatengedwa kale. Aphunzitsi athu a Chingerezi akadalemba mzere wofiira pamenepo. Chingerezi chakenso n'chachikale, cha thee ndi thou. Koma choipitsitsa ndi nkhondo. Suyenda mapazi angapo osakumana ndi zilombo, ndipo ukakhala ndi anzako onse uyenera kusuntha anthu 8, mmodzimmodzi, bokosi limodzi pa nthawi. Nkhondo yosadziwika ndi komwe imadya mphindi zambiri. Pamenepa palibe chowiringula, n'zotopetsa basi.

Pali china chimene anzanga amati n'kukalamba koma ine ndikukana. Gemuyi sikusungira kalikonse. Ilibe muvi wokulozera kopita kapena mndandanda wa ntchito. Ukakumana ndi munthu umalemba wekha mawu ofunsira dzina lake ndi ntchito yake, ndipo m'yankho lake uyenera kutolamo liwu lina loti ufunsenso. Mlimi wa mzinda uno akhoza kukutchulira dzina la munthu wa ku chilumba china, amene akudziwa pamene padabisidwa chinthu chimene udzachifune patapita masabata. Ukapanda kulemba, kwatha. Ine ndidadzaza theka la kope la masamu. Ngakhale kuyenda kumafuna kuwerenga kumwamba, pakuti Britannia ili ndi miyezi iwiri, Trammel ndi Felucca, ndipo zipata zodutsira kutali zimatseguka motsata maonekedwe ake. Ogula gemuyi mu 1985 amapeza m'bokosi mapu a nsalu ndi timabuku tiwiri toti awerenge asadayambe. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumvetsera munthu mpaka amalize, kulemba, kenaka kulumikiza zimene wamva kuno ndi zimene udamva uko, ndi luso lomwelo limene limafunika pa phunziro la mbiri yakale.

Ndikudziwa kuti makolo ena afunsa za matsenga, ndipo funsolo n'loyenera. M'gemuyi muli zamphamvu, mayi wa mafunso uja amaika makadi pa tebulo ngati woombeza, chizindikiro chake chachikulu ndi ankh ya ku Egypt wakale, ndipo pa malo osinkhasinkha umabwereza timawu tina, kamodzi mwa ito kochokera ku zipembedzo za ku India. Liwu loti Avatar lenilenilo ndi la Chihindu. Garriott adatola uku ndi uku n'kuphika chakechake. Mwana wamng'ono akhoza kusokonezeka, ndipo sindingampatse mng'ono wanga wa Sitandade 4. Koma ife a sekondale tidakula ndi nthano za kalulu wolankhula ndi ng'oma zotulutsa nsima, ndipo palibe adapita kukafunsira nzeru kwa kalulu. Chofunika kuyang'ana ndi chimene gemu imayamikira. Muli chigaza cha Mondain uja, chimene ukachigwiritsa ntchito chimapha onse okuzungulira nthawi imodzi. Ndicho chida champhamvu kuposa zonse, ndipo gemu imakulanga koopsa ukachikhudza motero. Imafuna ukachiponye m'chiphompho cha moto.

Pobowoka penipeni pali pena, ndipo pamenepa m'pamene ndimatsutsana nayo. Kompyuta imawerenga zochita, siiona mtima. Ukangozindikira kuti kupatsa wopemphapempha kumakweza chifundo, umayamba kumuona ngati chitsime chotungapo mapointi. Umampatsa ndalama imodzi, kuyendayenda pang'ono, kubweranso, kenaka kuthamangira kwa Hawkwind kukafunsa ngati zakwana. Wakuba uja akhoza kubera mayi wosaona mpaka kulemera, kenaka n'kuyamba kulipira bwino kangapo, mlingo n'kubwerera pamalo pake popanda kubweza chilichonse. Kudzichepetsa ndiye kumaseketsa. Munthu akakufunsa ngati ndiwe wonyada umayankha kuti ayi, mlingo n'kukwera, ndipo ukuchita zonsezi n'cholinga choti dziko lonse lidzakutche munthu wabwino koposa. Aliyense amene adaphunzira katekisimu adziwa kuti chochita chabwino chokhala ndi cholinga chokhota sichikhala chabwino. Komanso ife a m'seminale sitiyenera kuseka kwambiri, chifukwa nafenso timadziwa kugwira tsache mwamphamvu pamene Bambo akudutsa.

Komabe pobowokapa sipandichititsa kuitaya. Gemu imene ingandikhalitse pansi kuganiza ngati chifundo changa n'chenicheni yachita kale zimene magemu owomberana sangachite. Ndipo zikuoneka kuti Garriott mwiniwake adaona vutoli. Mu Ultima V, ya mu 1988, Lord British wasowa, ndipo wolamula m'malo mwake, Blackthorn, watenga makhalidwe 8 omwe aja n'kuwasandutsa malamulo a boma. Wonama adulidwe lilime, wosapereka theka la chuma chake kwa osauka alandidwe chonse. Makhalidwe ndi omwewo, koma dziko lasanduka ndende. Kuti mumvetse Ultima IV muyenera kudziwa kuti mwini wake adaitsutsa yekha patangopita zaka zitatu.

Mu 1996 magazini ya Computer Gaming World idaiika pa nambala 2 mwa magemu 150 opambana a pa kompyuta, kumbuyo kwa Civilization. Ine sindingaiike pamwamba chotero, chifukwa cha nkhondo zotopetsa zija. Koma amene ali ndi kope, pensulo ndi tchuthi chachitali aiyese, ndipo asafulumire kukafuna mayankho pa intaneti. Akafika pa chilumba cha Magincia apeza mzinda umene udali wolemera kuposa yonse uli bwinja, ziwanda zitaugwetsa chifukwa cha kunyada kwa eni ake. Mizukwa ya anthu ake ikadayendayendabe m'mabwinjamo, ina ikudzitamabe. Kumeneko apezako Katrina, mbusa wa nkhosa, wopanda mphamvu zamatsenga ndiponso wofooka pa nkhondo kuposa anzako onse. Ambiri amafuna kumusiya. Koma khomo lomaliza, pansi pa chiphompho cha Great Stygian Abyss pamene pali buku la Codex, silitseguka ngati gulu lako silidakwane anthu 8, ndipo mmodzi mwa iwo ayenera kukhala mbusa.