Nsomba za m'Potomac ndi Udzu Umene Unaziitana

Mtsinje wa Potomac, umene umadutsa pambali pa mzinda wa Washington nukathira madzi ake m'nyanja ya Chesapeake Bay, uli ndi khalidwe limene ife okhala kutali ndi nyanja yamchere sitinalizolowere: kawiri pa tsiku madzi ake amakwera, kawirinso amaphwa, ndipo pa Washington penipeni kusiyana kwake kumafika pafupifupi mita imodzi, ngakhale madzi a pamenepo alibe mchere. Kumunsi kwa mzindawo, kumene mtsinje umatambasuka nulowerera kumtunda m'malo osaya monga Gunston Cove ndi Pohick Bay kutsidya la Virginia, ndi Mattawoman Creek kutsidya la Maryland, ndiko kumene anthu amalawirira m'bandakucha pa maboti a injini kukawedza largemouth bass, nsomba yobiriwira, ya kukamwa kwakukulu, yodya zinzake.

Luso la asodzi amenewa si lochepa, ndipo sindifuna kulipeputsa. Msodzi wa kumeneko sayang'ana dzuwa lokha ayi, amawerenganso nthawi ya madzi. Pakuti madzi akadzaza, bass imalowa mkatikati mwa udzu nimwazikana, kotero kuti kuipeza n'kovuta, koma akayamba kuphwa, tinsomba ndi nkhanu zimakakamizika kutuluka, ndipo bass imazidikira m'mphepete mwa udzuwo, italoza mutu kumene madzi akuchokera. Popeza kuphwako kumafika mochedwa kumtunda kwa mtsinje kusiyana ndi kumunsi, odziwa amathamangitsa boti kukwera mtsinje kuti ora lokomalo alipeze kangapo tsiku limodzi. Pamene udzu wayalana pamwamba pa madzi, amaponya nyambo ya pulasitiki youmbidwa ngati chule, yobisa mbedza zake pamsana kuti isakole, naikoka pang'onopang'ono, kuimitsa, kukokanso. Udzu umayamba watukumuka kumbuyo kwa chuleyo, kenaka madzi amaphulika, ndipo wosazolowera amafulumira kukoka nsomba isanatseke pakamwa, natsala ndi chingwe chokha.

Koma chimene ndifuna kunena n'chakuti ulemu waukulu pa usodzi umenewu sukuyenera wogwira ndodo, koma iwo amene anatsuka mtsinje, anthu amene maina awo satchulidwa pa tsiku lopereka mphotho. M'zaka za m'ma 1960 Potomac unali mtsinje wonunkha, wodzala zonyansa za m'zimbudzi za mzinda, ndipo m'nyengo yotentha ndere zinkaphimba madzi ake kwa mitunda yaitali, mwakuti mu 1965 Pulezidenti Lyndon Johnson anautcha chamanyazi cha dziko lonse. Ndere zikachuluka chotero, kuwala sikufika pansi. Kuwala kukasowa, udzu wa pansi pa madzi umafa. Udzu ukafa, tiana ta nsomba tilibe pobisala. Lamulo la Clean Water Act la 1972, pamodzi ndi ndalama zambiri zimene zinalowa pokonzanso malo oyeretsera madzi oipa monga Blue Plains, makamaka pochotsamo phosphorus amene amanenepetsa ndere, ndizo zinatembenuza zinthu. Kuchirako sikunadze tsiku limodzi. Ku Gunston Cove, kumene akatswiri a George Mason University akhala akupima madzi kuyambira 1984, panapita zaka zambiri udzu usanabwerere, chifukwa matope a pansi anali atasunga phosphorus wa kale, namutulutsa pang'onopang'ono ngakhale mipope inali itayera.

Udzu umene unatsogola kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 unali hydrilla, wochokera ku maiko a kutali, ndipo eni maboti anaulandira ndi madandaulo, popeza unkatseka madooko ndi kukulunga injini, mpaka anabweretsa makina oumweta kuti atsegule njira. Walira mvula walira matope. Udzu womwewo unagwira matope, madzi anayera, mitundu ina ya udzu wa komweko inapeza mpata womeranso, ndipo bass inaswana kufikira Potomac anatchuka pakati pa mitsinje ya mipikisano m'dziko lonselo. Amene tinaona Nyanja ya Malombe ikutaya chambo chake, makoka a maso ang'onoang'ono atakokolola kasawala pamodzi ndi udzu wa pansi, sitifunikira wotiphunzitsa kuti nsomba ndi udzu zimakhalira limodzi ndi kuthera limodzi.

Tsono za mipikisanoyo. Wowerenga amene nsomba kwa iye ndi ndiwo za ana ake adzadabwa kumva kuti anthuwa, atavutika tsiku lonse, amabweza nsomba m'madzi. Koma mwambowo uli ndi chiyambi chomveka. Ray Scott, amene anachititsa mpikisano wake woyamba mu 1967 nakhazikitsa bungwe la asodzi a bass lotchedwa B.A.S.S. chaka chotsatira, anaona kuti milu ya nsomba zakufa pa sikelo idzamaliza nyanja ndi kudanitsa asodzi ndi eni dera, ndipo kuyambira 1972 analimbikitsa kuti nsomba zizibwezedwa zamoyo. Chimenecho chinali chanzeru, ndipo ndichiyamika ndi mtima wonse.

Komabe wakutsina khutu ndi mnansi. M'mipikisano yambiri msodzi amasunga nsomba zisanu zazikulu m'kathanki ka m'boti, nayenda nazo tsiku lathunthu pa liwiro lalikulu, kenaka n'kuzitengera kudooko limodzi, kawirikawiri ku Smallwood State Park pa Mattawoman Creek, kumene zimaikidwa m'matumba, kupimidwa, kuonetsedwa kwa anthu, n'kutayidwa m'madzi pomwepo. Nsomba yogwidwa makilomita ambiri kumtunda imapezeka mwadzidzidzi kumalo achilendo, pamodzi ndi mazana a zinzake zotopa; ndipo m'miyezi yotentha, pamene madzi osaya afunda ndi mpweya wa m'madzi wachepa, zina zimene zinasambira bwinobwino pochoka m'manja zimafa patapita masiku, anthu onse atabalalika. Choipa koposa chimachitika m'nyengo yoswana, pakuti ndi yaimuna imene imasesa chisa pansi nilondera mazira ndi tiana, ndipo chifukwa cha ukali wake poteteza, ndiyo yosavuta kukola. Ikangochotsedwa, ngakhale kwa maola ochepa, tinsomba tina timagwera chisacho ndi kuchimaliza. Boma la Maryland limakweza muyeso wa nsomba yololedwa kusunga m'madzi amenewa kuchoka pa mainchesi 12 kufika pa 15 kuyambira mwezi wa Marichi mpaka pakati pa Juni, ndipo limafuna chilolezo pa mipikisano. Zimenezo zithandiza, koma sizibwezera atate pachisa. Njira yabwino ilipo kale, ndipo a bungwe lina la mipikisano, la Major League Fishing, anaionetsa: nsomba ipimidwe m'boti momwemo pamaso pa woyang'anira, kulemera kwake kulembedwe, ibwezedwe pamalo pomwe yagwidwa. Sindiona chifukwa cholungama chokanira njira imeneyi m'madzi osaya ndi ofunda, koma chokhacho chakuti khamu la pa dooko limakonda kuona nsomba itakwezedwa m'mwamba.

Nsomba zikachepa, asodzi amafulumira kuloza chala alendo: northern snakehead ya ku Asia, imene inapezeka m'Potomac mu 2004, ndi blue catfish, mlamba waukulu umene unaikidwa m'mitsinje ya Virginia m'zaka za m'ma 1970 nufalikira. Nkhawa yawo si yopanda pake, ndipo n'koyenera kuti ziwirizi zizigwidwa ndi kudyedwa, pakuti n'zokomanso. Koma akumbukire kuti bass yomwe, imene amailemekeza chotere, si mbadwa ya mtsinjewo. Inabweretsedwa ndi anthu m'zaka za m'ma 1800.

Mdani amene ine ndimamuopa sasambira, amachokera kumtunda. Mattawoman Creek amatunga madzi ake m'nkhalango za Charles County ndi Prince George's County, kumene tauni ya Waldorf yakhala ikukula chaka ndi chaka. Ndipo paliponse pamene mitengo igwetsedwa kuti pakhale msewu, denga ndi poimika magalimoto, mvula imene kale inkalowa pansi imathamangira kumtsinje yofunda, itasenza matope, mafuta ndi feteleza wa pa kapinga. Matopewo amadetsa madzi monga zinkachitira ndere zaka 60 zapitazo, ndipo udzu suyang'ana chimene chautsekera dzuwa. Asodzi a bass ndi ambiri, ali ndi mabungwe, ali ndi ndalama, ndipo amalonda a m'mbali mwa mtsinje amawamvera. Chotero pamene akuluakulu a maboma ang'onoang'onowo akhala pansi kugamula kuti nkhalango iti idulidwe ndi iti isiyidwe, ndikadakonda kuona mipando ya m'bwalomo itadzala ndi anthu omwe aja amadzaza dooko la Smallwood pa tsiku la sikelo.