Za Umoyo Wathu: Mkaka Popanda Khanda

Kuno ku Mchinji, mayi akasiya kusamba asanakule, mkaka n'kumatuluka m'mawere alibe pakati kapena khanda, timafulumira kunena kuti amulodza. Banja mpaka limatha poti mwana sakubwera. Chonsecho gwero lake lingakhale m'mutu.

Kunsi kwa ubongo, kuseri kwa mphuno, tili ndi kachiwalo konga nsawawa kotchedwa pituitary, kamene kamalamula mahomoni a thupi. Pakamera chotupa, chimatha kuchulutsa homoni ya mkaka, prolactin. Abambo nawonso chimawagwira, mphamvu ya m'banja n'kuchepa. Mtundu wina umachulutsa homoni yokulitsa thupi, moti munthu wamkulukulu amangoona nsapato ndi mphete zikumuthina, chibwano chikutalika.

Chotupa chikafika sentimita 1, madokotala amati ndi chachikulu. Chikamakulabe chimapanikiza mitsempha ya maso: mutu umawawa, ndipo munthu amaona kutsogolo kokha, cham'mbali ayi. Tangoganizani wakabaza wotere pamsewu wa M12!

Tikaona zizindikirozi, tiyambire kuchipatala cha boma pa Mchinji, n'kufotokoza zonse osachita manyazi. Akatitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, tisazengereze, pakuti matendawa amadziwika poyeza magazi, kuyeza maso ndi kujambula m'mutu.

Pafupifupi zotupa zonsezi si khansa. Cha prolactin chimafota ndi mapiritsi a cabergoline kapena bromocriptine, ndipo amayi ambiri amayambanso kusamba, n'kubereka. Mitundu inayo nthawi zambiri amaichotsa pa opaleshoni yodzera m'mphuno. Koma tikachedwa, maso otayikawo mwina sabwereranso.

Abambo, musanathamangitse mayi, apelekezeni kaye kuchipatala.